Buku la ku Positi Si Lokulungira Fodya

Lachiwiri, dzuwa litangopendeka, pa chigafa cha malume ako.

Yosiya mwamuna wanga,

Ndakhala pansi pano mbuzi zisanabwere kubusa, amako ali kudambo kukachapa malaya ako awiri aja, kuti ndikulembere zimene pakamwa zandikanika. Sikuti pakamwa panga pafooka, ayi, mudzi wonse ungandichitire umboni. Koma iwe ndikamayankhula umangogwedeza mutu ngati gulo pamtengo, “eya agogo, eya agogo,” maso ali kunjira. Tsono popeza ukupita kukaphunzira zauphunzitsi, ndipo umaopa pepala kuposa munthu, ndati ndikutsate komweko. Zilembo zanga n'zokhota ngati mizere ya wolima ataledzera. Usaseke. Ndinaziphunzira imvi zitayamba kale, ndipo chimene chinandilowetsa sukulu uchimva m'munsimu.

Mawa m'bandakucha malume ako akupatsa kathumba kachikopa. Muli masheleni makumi atatu. Ndikuuze kumene achokera kuti ukamawagwira uzimva kulemera kwake. Khumi ndi mbuzi zanga zitatu, kuphatikizapo yamawanga ija imene unkaikama mobisa n'kumayesa sindikuona. Khumi ndi fodya wa malume ako amene anamusenza pamutu mpaka ku Mponela. Khumi enawo ndi khosi la amako, madengu a mbatata amene akwera nawo phiri kupita ku boma chaka chonse chino.

Khumi oyamba ukapereke kusukulu tsiku lomwelo wafika, usanamasule ndi mphasa yomwe, ndipo akupatse kapepala kosonyeza kuti walipira. Khumi achiwiri ndi a sopo, mafuta a nyali ndi chigamba cha kabudula. Khumi achitatu ndi a sukulu a chaka chamawa, ndipo amenewa ndiwo andikhazika pansi pano. Ayenera kugona chaka chathunthu m'manja mwa munthu amene anapatsa mlendo khasu lake chifukwa mlendoyo anayamikira mpini. Ukukumbuka? Ine ndikukumbuka, pakuti ndine ndinakalilanda. M'khola mwatsala mbuzi imodzi, yotsimphina. Akatha khumi amenewo, kulibenso kwina kotapa.

Ndalama yoyamba kuigwira ine inandipusitsa masanasana. Amako anali kumsana, sanamere ndi dzino lomwe. Nthawi imeneyo tinkangodziwa kusinthana, nkhuku ndi mchere, khasu ndi nsalu. Anadutsa amtengatenga pa njira ya kumunsi kwa mudzi, ndipo kapitawo wawo anafuna lichero la ufa. Anatulutsa kandalama koyera, kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana, kaja mumakati tiki. Ine ndinamuyang'ana kuyambira kuphazi. Ndinamufunsa ngati akundiona ngati wobadwa dzulo. Ndinaloza lalikulu lofiira limene linali m'dzanja linalo, ndati ndikufuna ilo. Bamboyo sanalimbane nane, anandipatsa kobiri limodzi nandithokoza ndi manja awiri. Ndinayenda mudzi wonse ndikudzitama kuti ndamugonjetsa munthu wa ku boma. Anabweranso kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankafunsa kuti ali kuti mayi wokonda zazikulu uja. Ndinadzadziwa mvula itagwa kawiri kuti kakang'ono kaja kamameza aakuluwo atatu. Safunsa anadya phula, mwamuna wanga, koma ine ndinadya phula ndikuimba. Kumene ukupitako ukapeza zinthu zimene sunazionepo. Funsa mtengo kwa anthu awiri amene sakudziwana. Usachite manyazi kuoneka wakumudzi, uli wakumudzi ndithu, fumbi la ku Nachisaka silichoka ndi sopo wa sheleni. Ndipo wa sitolo akakumwetulira n'kunena kuti tenga udzalipira mwezi ukatha, umuthokoze bwinobwino, kenaka utuluke chambuyo.

Chondipusitsa chachiwiri chinachitika chaka chimene ndinasunga ndalama za msonkho. Agogo ako aamuna, aMwale, anandipatsa kuti ndibise poti iwo ankadzidziwa okha. Ndinaziika m'kachibade, ndinakumba pansi m'nyumba munthu aliyense ali kumunda, ndinakwirira. Kuti pasaoneke, ndinatenga dothi lakuda kudambo n'kuzira nyumba yonse, kuchokera pakhomo mpaka kuseri kwa mitsuko, n'kukulungiza ndi mwala mpaka pansi pamawala. Sindinazirepo bwino chotero moyo wanga wonse. Miyezi itatu itapita anabwera mesenjala kudzanena kuti msonkho ndi Lolemba. Ndinalowa m'nyumba ndi khasu, ndinaima pakati, pansi ponse pakufanana. Ndinakumba pafupi ndi mafuwa, palibe. Pa mzati, palibe. Tsiku lachiwiri anthu anayamba kusuzumira pakhomo n'kumafunsa ngati mbewa za m'nyumba zikunona chaka chino. Agogo ako anangokhala pamphasa yawo pakona akusema mpini, akusuntha miyendo kuti dothi lisawagwere. Tsiku lachitatu nyumba inasanduka munda wa mbatata, patangotsala pamene anakhala iwopo. Nditawathamangitsa, chibade chinali pomwepo. Iwe kumeneko mukagona anyamata makumi angapo m'nyumba imodzi. Usakakumbe. Usakatsomeke kudenga, usakasokerere mumtsamiro. Pobisa pamene ukudziwa wekha ndi manda, ndipo pamene adziwa awiri ndi pamsika.

Tsono mvera chachitatu, chifukwa ndicho chenicheni. Agogo ako anakhala ku Halale zaka zitatu. Ine ndinkalima ndekha, ndikuwerenga m'mutu nsalu, mapoto ndi mikanda zimene zikubwera. Tsiku lobwera anatsitsa bulangeti limodzi, kansalu kamodzi, ndi kabuku kopyapyala ka chikuto chotuwa. Ndinafunsa kuti ndalama zili kuti. Iwo ati zili umu. Ndinakatenga kabukuko, ndinakakutumula, sikanagwe kanthu. Ndinakanunkhiza. Anayesa kundifotokozera kuti podutsa pa boma anasiya ndalama ku positi, kuti kumeneko amasungira anthu, ndipo kabukuka ndiko mboni. Ine ndinawauza kuti mboni imene ilibe pakamwa sindinaionepo, ndi kuti angonena dzina la mkazi wa ku Halale amene wadya thukuta lawo. Iwo anangokatenga kabukuko nakatsomeka kudenga pamwamba pa chitseko.

Masiku amenewo ndinkapera fodya wa mphuno n'kumagulitsa, kaphukusi kamodzi dzira limodzi. Ndinkakulunga m'makoko a chimanga. Inali nthawi ya dzinja, makoko anatha, ndipo agogo ako anali atapita ku maliro kuseri kwa phiri la Ntchisi, ulendo wa sabata. Ndinakweza maso, ndinaona kabuku kaja. Ndinati mumtima, iwe amene wandidyera zaka zitatu, lero ugwireko ntchito. Ndinathothola mapepala onse, limodzilimodzi. Usandifunse, malonda anayenda. Fodya wa m'pepala! Anthu ankachokera kutsidya kwa mtsinje, ndi akulu a mpingo omwe anatumiza mazira mwakachetechete.

Atabwera agogo ako anapisa dzanja kudenga natulutsa chikuto chokhachokha. Anachitembenuza uku ndi uku. Ine ndinali nditakonzeka kale ndi mawu, koma iwo anangopempha madzi akumwa. Atamwa anapukuta pakamwa nati, “Nachisale, mwagulitsa mapaundi anayi pa mazira khumi ndi awiri. Kodi mazirawo mwandisungirako?”

Tinapita ku boma ndi chikuto chathu. Kalaliki wa pa positi anali mnyamata wa pensulo kukhutu, waulemu ndithu, koma nditafotokoza anabisa nkhope kuseri kwa buku lalikulu mapewa akugwedezeka. Atapuma anati mapepala anali khumi ndi awiri, lililonse ndi nambala yake, tikawasonkhanitse onse tibwere nawo. Ndiye taganiza, ine Nachisale amene ndinkayankha anthu asanamalize kufunsa, kuyenda khomo ndi khomo kupempha zokulungira. Lina ndinalipeza litatsekera pakamwa pa nsupa ya mafuta. Lina mwana ankaliulutsa pa ulusi. Lina linali litapserera m'mbali chifukwa mkulu wina anayesa kupichiramo fodya wosuta. Nabanda, mnzanga wa kumtondo amene ndinkakangana naye chiyambire utsikana, anali ndi awiri, ndipo atamva kuti ndi ofunika anati ndimubwezere mazira ake, ndiwonjezerepo nkhuku imene ikanaswedwa m'mazirawo. Ndinampatsa. Mpaka lero akandiona amayetsemula dala.

Ndinapeza khumi ndi limodzi. Lomaliza linasowa. Masiku anayi ndinafukula maenje a zinyalala a mudzi wonse ngati nkhuku ya anapiye, agogo ako ali pambuyo panga manja kumsana, akundithandiza ndi pakamwa: kodi kwa uje mwafikako, nanga kuseri kwa khola lija. Pomaliza ndinatopa. Ndinawongola khumi ndi limodziwo pansi pa mphero usiku umodzi, tinabwerera ku boma. Kalaliki atangowatambasula, fodya anamukwera. Anayetsemula kasanu ndi kawiri mpaka mzungu wa m'chipinda cham'kati anatuluka kudzaona chimene chagwa. Kalalikiyo atapukuta misozi anawayala motsatana, nati losowalo linali lopanda cholembedwa, likanakhala lolembedwa bwenzi ili nkhani ina. Analemba kalata ku Zomba. Tinadikira miyezi iwiri ine ndisakugona bwino. Kenaka linabwera buku latsopano, mapaundi anayi onse ali momwemo, ndi timakobiri pamwamba, ati ndalamazo zabereka. Zabereka osazimangira khola, osazitengera kubusa. Mwezi womwewo ndinakakhala pa chipika pakati pa tiana ta mamina pa sukulu ya m'mudzi, ndati pepala silidzandipusitsanso ndili maso.

Tsono mawa njira yako ikudutsa pa boma. Usapitirire. Lowa pa positi, vula chipewa, utsegulitse buku m'dzina lako. Uikemo khumi a chaka chamawa, uikemonso asanu mwa a sopo aja, pakuti sopo wa chaka chonse sagulidwa tsiku limodzi. Kalaliki akalemba usachoke pazenera usanawerenge chimene walemba, ndiponso uone kuti wadinda chidindo. Iwe umadziwa kuwerenga, ulibe chowiringula chimene ndinali nacho ine. Bukulo ulisunge m'kachitini kotseka, chiswe ndi mvula zisalione. Usalibwereke munthu, ngakhale amene mumadyera mbale imodzi. Ndipo usakulungiremo kanthu, ngakhale mtedza.

Chachinayi n'chachifupi koma chikukhudza iwe kuposa zonse. Buku litabwera, agogo ako anatapamo paundi imodzi nandipatsa kuti ikhale yanga, mwina pofuna kundipepesa chifukwa cha maenje aja. Anandipatsa ya masheleni okhaokha. Ndinamanga pa nsonga ya nsalu, ndipo popita kuchitsime ndinkayenda modumphira pang'ono kuti azilira. Nabanda amve. Anamva, koma anamvanso ena. Panatulukira abale amene sindinawaonepo ndi pa maliro a amayi anga pomwe. Uyu mwana wadwala, uyu msonkho wamuthina, uyu walota ndikumupatsa. Ine wa pakamwa pakuthwa, amene mukuti ndimaluma, ndinalephera kukana ndi mmodzi yemwe, chifukwa onse anali atamva kulira kwake ndipo ndikanati ndilibe akanandiloza pa nsalu. Masabata atatu, nsonga ya nsalu inatsala ndi makwinya okha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo ndinkagulitsa fodya ine, ndinayenera kudziwa.

Ndinawafunsa agogo ako kuti nanga iwo, ofewa ngati dzungu lophika, zawo zikukhalitsa bwanji. Anati, “Ine kukana sindidziwa, n'chifukwa chake ndalamazo ndinaziika kutali. Munthu akandilirira ndimamuuza zoona, kuti ndalama zili ku boma. Akalimbikira ndimanyamuka ndithu, koma pofika pa mtsinje wachiwiri chifundo chimakhala chitapola, ndipo ndimayamba kukumbukira kuti yemweyo ndinamuona ku mowa dzana.”

Wamva, Yosiya? Iwe ndiwe aMwale wobadwanso, kuyenda kwake, kuseka kwake, ndi dzanja lobooka lomwelo. Malume ako akuti kuchokera kusukulu kufika pa positi ndi ulendo wa m'mawa wonse. Iwo amadandaula kuti n'kutali, ine ndinaomba m'manja. Mtunda umenewo ndiwo udzakukanire pamene pakamwa pako palephera.

Sindikuti ukakhale wouma manja. Munthu womana amadwala yekha, ndipo kupatsa n'kuika, zimenezo ndinakuphunzitsa ndine. Uchite chonchi. Mwezi uliwonse upatule makobiri atatu kapena anayi m'thumba la malaya. Amenewo ine ndimawatcha makobiri a manyazi. Mnzako akasowa sopo, mpatse. Wina akafuna sitampa yolembera kwawo, mpatse, ndipo usakamulondole. Akatha, tembenuza thumba aone okha. Koma khosi la amako si lopatsa. Adzabwera wina wa mawu okoma, wa kalasi ya patsogolo, wodziwa Chingerezi chambiri, adzati bwereka masheleni awiri ndibweza Loweruka. Loweruka limenelo silili m'sabata iliyonse imene ndakhalamo ine.

Udzaona anzako avala nsapato zolira poyenda. Mapazi ako akufikitsa pano opanda chodandaula, adikire udzayambe kulandira zako. Udzaona kalilole, chipeso, chipewa chanthenga. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo ndikadzamva kuti wagulira mkanda kamtsikana ka pa mishoni ndi mbuzi zanga, ndidzabwera ndi ndodo yanga yomweyi. Mkazi wako woyamba ndine, ndinakusambitsa ndisanakufunsire, ndipo nsanje yanga ilibe mankhwala.

Tsono ndisiye zoseka pang'ono. Atate ako anachoka kupita ku Halale uli ndi mano awiri, ati chaka chimodzi chokha, akapeze za msonkho ndi bulangeti. Anatumiza mawu kawiri. Amene anawaona komaliza anati ndalama zinawathera m'njira yobwerera, ndipo anachita manyazi kufika pakhomo chimanjamanja, nabwereranso kukayamba kachiwiri. Kachiwiri kameneko sikanathe mpaka lero. Amako akamva galu akuuwa kunjira amasiya kusinja. Chimene ndikuopa ine si masheleni khumi ayi. Ndikuopa kuti akakuthera, tsiku lolipira likafika, udzayang'ana njira yakwanu ndi njira ya ku Halale n'kusankha imene ilibe maso a anthu okudziwa. Ndiye mvetsa bwino. Sunga ndalamazo monga ndakuuzira. Koma zikadzakupulumuka, kaya zabedwa, kaya wapusa wekha monga ndinapusira ine kanayi konse, ubwere kuno. Ndidzakulalatira mwezi wathunthu, m'mawa ndi madzulo, anthu adzatseka makutu. Ukatha mweziwo tidzagulitsa yotsimphina ija, tidzaona chochita. Munthu amene anafukula zinyalala za mudzi wonse sangamuthamangitse mdzukulu chifukwa chopusa.

Dzuwa lafika pa mutu wa phiri ndipo pensulo ya malume ako yatsala ngati chala cha khanda. Amako ndikuwamva akubwera, akuimba nyimbo ya m'tchalitchi mokweza, ndiye kuti alira kudamboko. Usawauze kuti ndakuuza.

M'kati mwa kalatayi upezamo kapepala kopindidwa, kachikasu, kopanda cholembedwa koma nambala yokha pakona. Usakataye. Agogo ako atamwalira, zaka zitatu zapitazo, ndinkakonza chipewa chawo cha ku Halale chija kuti ndipatse malume ako. Ndinamva chinthu chikukhwekhwereza m'kati mwa nsalu yake. Nditasomola ulusi, ndi ili, pepala lachikhumi ndi chiwiri. Linali nawo nthawi yonse ija. Analitola tsiku loyamba lomwe, anaona kuti n'lopanda ntchito, analibisa, nandisiya ndikufukula maenje masiku anayi iwo akundilozera pofukula. Anthu anali asanabalalike pa maliro, ndipo anandimva ndikuseka ndekha m'nyumba n'kumati chisoni chandizunguza mutu. Nkhani imeneyo tikaimaliza ine ndi iwo ndikakawapeza, ndasunga mawu ake. Iwe ulilowetse m'buku lako latsopano, pa tsamba la khumi aja. Tsiku limene dzanja lidzakuyabwa kuti ukatape, ulinunkhize kaye. Fodya akadalimo.

Ukatha kuwerenga, ubwereze kachiwiri uli pansi, osati ukuyenda. Kenaka ukampatse msuweni wako Danieli, amene wakhala kusukuluko chaka chimodzi chokha koma watumiza kale mawu kawiri kuti akufuna za nsapato. Awerenge mokweza iwe uli pomwepo. Akamaliza akubwezere, ndipo umuuze kuti ndanena ine: akakulungiramo kanthu, ndidzadziwa.

Ndine mkazi wako wamkulu,
agogo ako Nachisale.